Injini ya Amanzere Ikumwa Madzi

Pa zaka khumi ndi zinayi zimene ndakhala wapolisi ndafufuzapo ana osowa, njinga zosowa, ngakhale denga lathunthu la malata limene linasowa eni nyumba ali kutchalitchi. Koma mlandu wa madzi osowa ndinakumana nawo tsiku loyamba la tchuthi changa, ndipo woganiziridwa anali bambo anga ondibala.

Ndinafika ku galaja Lachitatu m'mawa nditanyamula fulasiki ya tiyi. Galaja ya bambo ndi chishedi cha malata, dzenje limodzi lolowera kunsi kwa galimoto pakati, benchi ya zitsulo kukhoma, ndi kalendala yakalekale imene amakana kuichotsa chifukwa ili ndi chithunzi cha thirakitala yokongola. Anthu onse amawatchula Amanzere. Dzanja lamanja amaperekera moni basi, ntchito yonse ndi ya linalo.

Vani ya buledi inali pa dzenje, boneti ili yasa. Mwini wake, amene aliyense amangoti Mayi a Buledi, anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Katatu, Amanzere! Katatu pa sabata ziwiri! Munati injini mwaiphwasula yonse, mwaibweza ngati yatsopano. Nanga ikumweranji madzi ngati ng'ombe? Anthu akuti gasiketi yatsopano ndinagula ija munaigulitsa, n'kubwezeramo yakale."

"Akutero ndani, mayi?" ndinafunsa.

"Anthu."

Mboni yotchedwa Anthu ndimaidziwa bwino. Imaona zonse, koma sinafikepo kukhoti ngakhale kamodzi.

"Bola mwamva nokha, achemwali apolisi. Lachisanu ndikupita kwa anzanu kupolisi."

Bambo anapukuta manja pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Simudzavutika ndi ulendo, mayi. Lachisanu likakwana ndisanapeze pothawira madzi, ndidzavomera pamaso pa anthu kuti manja angawa atha. Ovolosi ndidzaipachika pa msomali, makiyi ndidzapatsa mwanayu."

Mwanayo anali achimwene anga, bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wa ana atatu ndi imvi zoyamba kale. Anali pakona akutsuka zitsulo m'beseni ndipo sanadzutse mutu. Pamkono wawo wamanja panali pomanga ndi kansalu. Nditafunsa anati anapsa ndi simbi akusita malaya.

Bambo anga alibe munda, alibe galimoto yawoyawo, koma ali ndi dzina, ndipo analimanga zaka makumi anayi, bawuti ndi bawuti.

* * *

Mayi aja atapita, ndinathira tiyi n'kutulutsa kabuku kanga.

"Ukundilemba sitetimenti, bwana?"

"Aliyense alembedwa, bambo. Yambani."

Anandikokera ku injini monga ankachitira ndili kamtsikana kowapatsira masipanala.

"Madzi a injini ali ndi makomo atatu othawira. Loyamba ndi pansi." Anakoka katoni imene anaiyala kunsi kwa vani dzulo lake. Inali youma gwa. "Lachiwiri ndi mu oyilo. Gasiketi ikaphulika, madzi amasakanikirana ndi oyilo, oyiloyo n'kuoneka ngati tiyi wako wamkakayu." Anasolola kachitsulo koyezera. Oyilo anali wabwinobwino, wooneka ngati uchi. "Lachitatu ndi mu utsi. Injini ikamawotcha madzi, kumbuyo kumatuluka utsi woyera, ndipo pakamwa pa redieta, thanki yozizitsira madzi ija, pamachita thovu. Ndailiza ola lathunthu. Palibe."

Kenako anamanga pampu yoyesera pakamwa pa redieta n'kupopa mpweya. Pampu imeneyi ili ndi geji ya muvi. Ngati pali potulukira, ngakhale pochepa ngati diso la singano, muviwo umatsika.

Tinadikira mphindi khumi ndi zisanu.

"Tandiuza, mwana wa mmisiri, watsika?" anatero ngati mphunzitsi wofunsa mayeso.

"Sunatsike."

"Ehe. Pano siidontha. Ikangotuluka pageti ndiye yayamba ludzu."

"Makilampu onse munawagwira?" Kilampu ndi kalamba kachitsulo kamene kamafinya paipi ya labala pamene yalowa, ndipo kamamangidwa ndi sikuluwu.

"Onse."

"Ndi dzanja lanu?"

Anayamba kaye amwa tiyi.

"Apamwambawa ndi dzanja langa. A kumbuyo kwa injini amafikika uli m'dzenje, ndiye bondo langali ukulidziwa. Ndinawamanga ndekha injini ikulowa, koma poyang'ananso amalowa ndi achimwene akowa. Akuti ali bwinobwino."

"Ali bwinobwino," anatero achimwene ali pakona paja. "Ukafunse dalaivala. Madzi obiriwira ozizitsa injini aja amagulitsika, usaone ngati ndi a pampopi."

Ndinagwada n'kuyang'ana kampopi kokhuthulira madzi kunsi kwa redieta. Kanali ndi fumbi la masabata awiri, lopanda chidindo cha chala chilichonse. Ndinalemba zimenezo m'kabuku.

* * *

Dalaivala wa vani amamutchula Hutala, ndipo ukamumva kamodzi sufunsanso chifukwa chake. Ndinamupeza Lachinayi m'mawa kuseri kwa bekale akukweza makireti m'galimoto yobwereka.

"Ine kuba madzi? Bwana, ine madzi a pampopi omwe ndimapempha! Imvani ndikuuzeni. M'mawa ndimadzaza mpaka pamzere. Ndimanyamuka bwinobwino, injini ikuimba nyimbo, Amanzere ndi dokotala aja, ndimanena poyera. Shopu yoyamba bwino, yachisanu bwino, ndikamafika yakhumi muvi wa kutentha wayamba kukwera. Ine muvi ndimauyang'ana kuposa mmene ndimayang'anira mkazi wanga. Ndimaima pomwepo."

"Ukaima umaona madzi pansi?"

"Olo dontho! Koma fungo, bwana. Fungo lotsekemera, ngati shuga wapserera mumphika. Ndiye ukazimitsa umamva tsii, tsii, ngati munthu akulavulira pa simbi yamoto."

"Kuchokera kutsogolo?"

"Ayi, chakuno kumapazi kwanga, kumbuyo kwa injini."

"Bambo unawauza zimenezi?"

"Ndimauza achimwene anu. Munthu wa Mulungu ameneuja! Ndikangoimba foni amabwera okha. Amathira madzi, n'kundiuza kuti iwe kwera basi ukapume, ndiyendetsa ndekha. Ikakonzedwa amaibweretsanso okha mpaka pageti pano. Amanzere sindinaonane nawo chiyambire nkhaniyi."

"Lolemba anaibweretsa nthawi yanji?"

"Buledi wamasana akutuluka mu uvuni. Folo koloko."

M'kabuku kanga munali kale mawu a bambo, akuti vani inanyamuka ku galaja nkhani za pa wayilesi za 3 koloko zikuyamba. Ine ulendo womwewo ndinali nditauyenda wapansi mphindi makumi awiri.

Ndinadziuza kuti makaniko aliyense amayesa galimoto pamsewu asanaibweze. Ndinadziuza kawiri konse, koma sindinadzikhulupirire.

* * *

Masana achimwene anapita kukagula lamba wa fani wa galimoto ina, bambo akuwodzera pampando wawo wa minibasi yakale. Ndinavala ovolosi yopachika, ndinatenga tochi ndi kagalasi ka m'chikwama changa, n'kutsikira m'dzenje.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayambira kutsogolo, paipi ndi paipi.

Munthu wamanzere amasiya dzina lake pa injini osadziwa. Akamaika kilampu amaitembenuza kuti mutu wa sikuluwu uyang'ane kumene dzanja lake likuchokera. Makilampu a bambo onse amayang'ana kumanzere, ngati asilikali pa perete. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndi lamulo la fakitale.

Ndinawerenga asanu ndi awiri, onse kumanzere. Kilampu yachisanu ndi chitatu inali kumbuyo kwenikweni, pa kapaipi kopita ku hita yotenthetsa mkati mwa galimoto, pamalo pamene dzanja limalowa mopanikizika. Ndinalowetsa kagalasi n'kuunika.

Mutu wake unkayang'ana kumanja.

Ndinaugwedeza. Unali wothina ndithu. Koma pa labala panali mizere iwiri, wakale ndi watsopano, kusonyeza kuti kilampuyo inazunguzidwa. Kunsi kwake kumadutsa paipi ya ekizozi yotulutsa utsi, ndipo pamenepo panali chikanga choyera, chobiriwirako m'mbali, chokhuthala ngati mchere wouma. Madzi ankadontha ndithu, koma ankagwera pa chitsulo chamoto n'kuuma asanafike pansi. Tsii uja wa Hutala anali ameneyu.

Tsono kilampu siidzimasula pamsewu n'kudzimanganso pofika pa galaja. Panali munthu wa dzanja lamanja amene sankatha kufikira sikuluwu ya wamanzere, ndiye anaitembenuza kuti imukomere. Munthuyo ankafunika dzenje, kapena malo ena okwezera galimoto, pakati pa galaja ndi bekale.

Malo otero alipo amodzi okha: potsukira magalimoto, pamene pali rampu yokwezerapo galimoto.

* * *

Mayi wotsuka magalimoto ndi munthu wosawononga mawu. Anandiyankha osasiya kupukuta galasi la takisi.

"Vani ya buledi imabwera pano?"

"Imabwera."

"Kudzatsukitsa?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Imakwera parampu. Munthu amalowa pansi. Amatuluka. Imapita."

"Kangati?"

Anawerenga zala za dzanja lonyowa n'kuwonjezera chimodzi cha linalo. Kasanu ndi kamodzi. Katatu popita, katatu pobwera.

"Amayendetsa ndani?"

Apo ndiye anasiya kupukuta n'kundiyang'ana kumaso.

"Mphuno ngati yanuyo."

"Lolemba chinachitika china chilichonse?"

"Anatukwana. Sindinawamvepo akutukwana. Anatuluka pansi paja akuuzira mkono."

* * *

Achimwene ndinawapeza kuseri kwa galaja dzuwa litapendeka, akusamba m'manja pampopi. Bambo anali atapita kunyumba.

"Achimwene, simbi yanu ija ndi ya mtundu wanji, yosita munthu pamwamba pa mkono?"

Anatseka mpopi. Sanadabwe, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa bodza.

"Walowa m'dzenje."

"Ndalowa. Ndafikanso parampu. Kilampu mumaimasula theka pokapereka vani, mumaimanga pokaitenga, kuti bambo akapopa apeze zonse zili bwino. Munthu wamkulu sabata ziwiri osagona, akudziyesa chitsiru, akutchulidwa wakuba pakhomo pake, inu muli phee m'beseni. Chifukwa cha makiyi?"

Anakhala pa tayala lakale n'kuyamba kumasula kansalu kaja. Balalo linali lalitali, lopindika ngati paipi imene inawawotcha.

"Ukuidziwa minibasi yachikasu yonyamula ana a sukulu ya mkaka?"

"Ndikuidziwa."

"Miyezi itatu yapitayo bambo anaisintha mabuleki. Atapita kukadya ndinayendamo ndi sipanala. Bawuti imodzi ya buleki yakutsogolo inali yongomangidwa ndi zala. Anaiika, wina anawalankhulitsa, pobwerera sanaionenso. Ana khumi ndi asanu ndi atatu, chemwali, ndi chitunda chija cha kumsika."

Achimwene anaika kansalu kaja pabondo.

"Zaka ziwiri tsopano ndimadya mochedwa. Akatuluka ndimayenda m'mbuyo mwawo, galimoto iliyonse, bawuti iliyonse. Manja awo ndi abwino, injini ya vaniyi ilibe banga, ine sindingaimange choncho. Koma maso anapita. Sunaone? Geji amakufunsa ngati mayeso chifukwa saiona. Sipanala amaidziwa ndi kulemera. Ndinawatchulira za chipatala cha maso, anandiuza kuti tsiku limene mwana adzayeze maso a bambo ake nkhuku zidzamera mano."

"Ndiye munaganiza zowachititsa manyazi."

"Ndinaganiza kuti galimoto imodzi ikawakanika adzadzifunsa okha. Ndinasankha madzi chifukwa madzi sapha munthu, ndipo Hutala muvi amauyang'ana. Za gasiketi ndi polisi sindinaziganizire. Nditamva Mayi a Buledi akutero ndinafuna kulowa pansi." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Zaka ziwiri ndikumanga mabawuti, palibe anafunsa. Ndamasula imodzi, kwabwera wapolisi."

"Musandinamize kuti makiyi simukuwafuna."

"Ndimawafuna. Ndili ndi imvi, koma sindinatsekepo injini ndekha pano. Kasitomala akalowa amati aise, akuluakulu alipo? Zonse ziwiri n'zoona, chemwali. Usiku ndimayesa kuzilekanitsa, zimakana."

"Mukanangowauza za minibasi."

"Iweyo ukanawauza?"

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo apa mkhatewo unali bambo athu.

"Mawa bambo muwauze nokha, Mayi a Buledi asanafike," ndinatero. "Mukalephera ndiwauza ine. Sindilola kuti apachike ovolosi akudziyesa wolephera pa injini imene anaimanga bwino."

* * *

Lachisanu bambo anabwera atavala ovolosi yochapa ndi yosita, makiyi akulira m'thumba. Mayi a Buledi anali atanena kuti afika 10 koloko. Achimwene anatsegula pakamwa kawiri, kawiri konse kunatuluka chifuwa.

"Bambo," ndinatero, "ndikupempha kuti mulowe m'dzenje."

"Ndi bondo ili?"

"Tikugwirani."

Tinawatsitsa, ine uku achimwene uku. Ndinawapatsa tochi koma anaikankha. Anakweza dzanja lamanzere n'kuyamba kupapasa, paipi ndi paipi, milomo ikuwerenga. Atafika kumbuyo dzanja linaima. Linafufuza sikuluwu kumene linaisiya, silinaipeze, linazungulira mbali inayo.

"Iyi si yanga," anatero motsitsa.

Anakanda chikanga chija ndi chikhadabo n'kununkhiza. Kenako anatembenukira kumene kunali achimwene.

Achimwene anagwada m'mphepete mwa dzenje n'kunena zonse, rampu, theka la sikuluwu, bala la pamkono. Bambo ankangomvera, dzanja lili pa kilampu. Koma atafika pa minibasi, dzanjalo linatsika.

"Yachikasu ija?"

"Eya, bambo."

"Bawuti iti?"

"Yam'munsi, tayala lakumanzere kutsogolo."

"Munali ana tsiku limenelo?"

"Inkapita kukawatenga."

Panja wina ankaliza hutala, wayilesi ya pa benchi inkalengeza za nyengo. Ine ndinkayang'ana pamutu pa bambo anga, pamene tsitsi linatha, ndipo ndinaona kuti akalamba. Ndinali ndisanaonepo.

"Sikuludiraiva," anatero bambo.

Achimwene anawapatsa. Bambo anamasula kilampu ija, anasolola paipi, anaipapasa mkamwa mwake ngati yang'ambika, anapala chikanga pa chitsulo, n'kuibwezera. Kilampu anaitembenuzira kumanzere, pa mzere wake wakale, n'kuimanga. Tinawatulutsa. Anadzaza madzi obiriwira mpaka pamzere, analiza injini mpaka inatentha kuti mpweya wotsalira utuluke, anaizimitsa, ndipo itazizirako anamanga pampu n'kupopa.

Tinadikira mphindi khumi ndi zisanu, aliyense akuyang'ana kwake. Kenako bambo anawerama pa geji mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi, n'kuweramuka.

"Muvi uli pati? Sindikukufunsa mayeso, mwana wanga. Sindikuuona."

Achimwene anawerama pa geji.

"Uli pomwe munausiya, bambo."

Bambo anapisa m'thumba n'kuika makiyi pa benchi, pakati pa masipanala.

"Awa sukulandira chifukwa cha vani iyi. Injini iyi ndinaimanga bwino, ndipo ukanena zimenezo ndi pakamwa pako kwa mayi akubwerawo, ndi kwa anthu awo onse aja. Chimene unachita uchitchule dzina, usachiveke jekete. Ndinakuphunzitsa kumanga, kumasula unakaphunzira wekha." Analoza makiyi aja. "Ukulandira chifukwa cha minibasi."

Pageti panamveka mawu a Mayi a Buledi akufunsa ngati Amanzere alipo. Achimwene anayang'ana makiyi aja, sanawakhudze. Anapukuta manja pa ovolosi n'kutuluka kukawalandira.

Bambo anakhala pampando wawo wa minibasi yakale n'kutambasula bondo.

"Iwe bwana, tseka kabuku kakoko uthire tiyi. Lolemba undiperekeze kwa adokotala a maso. Ndikufuna ndimuone bwinobwino kumaso munthu amene wakhala akudya mochedwa zaka ziwiri chifukwa cha ine."